Bulangete Lanu ndi Mpundu wa Kumunda

Amayi, kaya kukucha bwanji kumene muliko?

Ndine Esinati wanu. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa la chaka chino likuwotcha ngati tinalilakwira. Ndakhala pakhonde pomwe munkakonda kusankhira nyemba, ndipo mukaona zidindo za zala zakuda papepalali musadabwe, chifukwa chake ndikuuzani. Nkhani ndili nazo zambiri, mtima ukungondikankha kuti ndiyambire kumapeto. Koma inu munkadana ndi munthu wogwira nkhani kumchira, ndiye ndiyamba bwinobwino.

Chimanga tinakolola. Sichinafike pa cha masiku anu, koma tikakumbukira chaka cha chilala chija chimene munatisiya, tikungothokoza. Mtedza unachita bwino kumunsi kwa chulu. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, kuba sinasiye, ndipo anawo atengera make. Mdzukulu wanu Tisa watalika, wayamba kundifunsa mafunso amene ine sindikanayerekeza kukufunsani inu. Amayi aang'ono a Saliya, mng'ono wanu, miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa pokha pali bwinobwino.

Tsopano ya Yosefe, mzime wanu. Minibasi imene ankaitanira anthu ija mwini wake anaiimika, ati mafuta akudya phindu lonse. Mwana wanu anabwerera kuno ku Chinyunyu ndi mkazi wake Agi, Agiyo ali woyembekezera, m'manja mulibe kanthu. Nthawi yomweyo n'kuti ku Lusaka magetsi akungozimazima, makala akugulidwa asanazizire n'komwe. Mukanaona m'mbali mwa msewu waukulu, matumba andanda ngati anthu odikira basi. Yosefe anatenga nkhwangwa ya atate n'kuyamba ndi mitondo ya m'mphepete mwa munda wanu. Ine ndinangoyang'ana kumbali, poti munthu wanjala sumuuza za mawa. Uvuni uwu ukaphwasulidwa wina ukufuka kale, mpaka m'mphepete monse munatsala zitsa zokhazokha.

Unatsala mtengo umodzi, Amayi, mpundu wanu wa pakati pa munda uja. Atate pothyola mundawo anausiya, ndipo inu munkati mtengo wodyetsa ana sauloza ndi nkhwangwa. Pansi pake ndi pomwe munkatigoneka mukamalima, pomwe tinkadyera masana, pomwe munkatitolera zipatso n'kutisinjira zothira m'phala. Tsiku lina nditapita kukaona munda ndinapeza khungwa lake latemedwa, bala loyera kuonekera patali. Ndinapita kwa Yosefe osagogoda, osati odi, ndipo zimene ndinalankhula sindingazilembe m'kalata yopita kwa inu. Iye anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya, kenako analoza Agi amene ankasesa pabwalo.

"Ba sisi, uyu mwana ali m'njira azadya mthunzi?"

Anandiuza mosabisa kuti mvula isanagwe mpunduwo ugwa, chifukwa m'dzinja makala amakwera ndipo mwanayo afika nthawi yomweyo. Ndinabwerera kunyumba ndikulira ndi ukali, poti ndinkadziwa kuti mlongo wanga si woipa mtima. Ndinkadziwanso kuti kukalipa kokha sikungaimitse nkhwangwa.

Apa ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Mukudziwa kodi chimene ndinalandira pogawa zovala zanu? Zitenje zinapita msanga, jekete lanu la kutchalitchi linatsala pang'ono kuyambanitsa anthu, nsapato zinapeza mwini ngakhale sizinkamukwana. Pamphasa panatsala bulangete lanu lotuwa lija, lazigamba, lopserera m'mphepete, ndi dengu lalikulu lothothoka mkombero. Amayi aang'ono anati tikataye kudzala. Ine ndinazitenga, ndipo anthu anandiyang'ana ngati ndapenga ndi chisoni. Iwo ankaona sanza, ine ndinkaona nyemba zanu zogoneka. Munkaziwiritsa pang'ono m'mawa, n'kuphula mphika ukubwadamuka, n'kuukulunga m'bulangetemo, n'kuuika m'dengu, pamwamba n'kuphimba ndi thumba la makoko a mtedza. Tikamabwerako kumunda nyemba zili zofewa, zotentha, moto unazima kalekale. Anzanu ankakusekani kuti amake Esinati amafunditsa mphika ngati khanda, inu n'kumangoti, "Moto ndi mtengo umene unafa, usauseweretse."

Mawu amenewo andiyendetsa, Amayi. Chifuwa chimene chinakutengani chija, kuchipatala anatiuza kuti utsi wa kukhitchini unathandizira, ndipo kuyambira pamenepo mafuwa atatu aja ndinkawaona ngati adani. Ku gulu lathu la azimayi a kutchalitchi tinaphunzira kuumba chitofu chadothi chokhala ndi kapaipi kotulutsa utsi panja. Ndinaumba changa, choyamba chinang'aluka, chachiwiri chili bwino mpaka lero. Chimangofuna tinthambi ndi mapesi a nandolo, ndipo mtolo umene unkatha msanga uja tsopano umandisunga mpaka ndimaiwala tsiku limene ndinautola. Maso sakundiwawanso. Koloboyi tinamupumitsa, tili ndi kanyali ka sola kamene timakayanika padenga masana ngati chigwada, madzulo Tisa n'kumawerengera. Zochapa zolemera ndimapita nazo ku kasupe wa madzi otentha uja monga munkachitira inu, mukuti Mulungu anatiwiritsira kale, kutenthetsanso ena kunyumba n'kumunyoza. Phulusa likupita kudimba, makoko kukhola, mapesi a chimanga sitikuwotchanso, tikuwagoneka m'munda kuti asunge chinyezi.

Koma zimene zikanakusekani mpaka misozi ndi za apongozi anu, amuna anga, atate ake Tisa. Njinga yamoto imene ankanyamulira anthu ija anaisiya. Kalabu yathu ya alimi inapeza kanjinga ka miyendo itatu, kokhala ndi ngolo kumbuyo, kosamwa petulo ngakhale dontho. Kamadya dzuwa, Amayi. Amakalumikiza pa chigayo cha sola, kakakhuta kamanyamula matumba, anthu, mbuzi, chilichonse. Anasankha apongozi anu kuti azikayendetsa, ndipo masiku ano akuyenda ngati anagula ndege. Utsi kalibe, phokoso kalibe, moti anthu anakapatsa dzina loti Kachetechete. Tsiku loyamba anaima pa siteji kuti nkhuku zidutse, anyamata oitanira basi aja posamva kulira kwa injini anaganiza kuti kafa, n'kuthamangira kukakankha mwachifundo. Apongozi anu osadziwa kanthu anangopotokola chogwirira, kanjinga n'kunyamuka, anthu atatu akuluakulu n'kugwa chafufumimba m'fumbi. Mpaka lero akakaona amakapatsa ulemu.

Kwa ine kabweretsa vuto lina. Kale ndinkawamva bambowa akadali kutsidya kwa mtsinje, ndinkakhala ndi nthawi yosintha nkhani. Tsiku lina ine ndi amayi aang'ono tinkakambirana za mkonono wawo, ndikuwayerekeza n'kuwayerekeza, potembenuka ndinangoona ali kumbuyo kwathu pa Kachetechete, agwira chibwano, akumvetsera. Munkanena inu kuti chakudza sichiyimba ng'oma, koma simunadziwe kuti chidzakhala ndi mateyala atatu. Ngakhale pamsewu waukulu zinthu zikusintha. Timagalimoto tina tochokera ku Lusaka tikafika pa mahampu timangoti zii, ati timamwa petulo pang'ono, kwinako timayendera batire. Yosefe akationa amatiperekeza ndi maso mpaka tibisike, n'kunena kuti abwana ake akanakhala ndi yotere bwenzi ntchito ikadalipo.

Ndiye zonsezi ndinali nazo, koma palibe chimene chikanadyetsa mwana wa Yosefe. Yankho ndinalipeza pa mulu wa zitsononkho. Titatha kutongola chimanga zinali mbwee paliponse, ena akuziwotcha kuti zichoke, zina zikupita kuchimbudzi kukagwira ntchito imene mukuidziwa. Mayi wina wa ku Rufunsa amene anabwera ku gulu lathu anali atatiuza kuti zimenezi zimapanga makala. Tonse tinagwedeza mitu mwaulemu, palibe anayesa. Ine bala la pa mpundu litandisowetsa tulo, ndinakabwereka mgolo wachitsulo, n'kuuboola kunsi, n'kuudzaza zitsononkho, n'kuyatsa. Utsi ukachepa umavundikira n'kumata ndi dothi kuti mpweya usalowe. Zikazizira zimatuluka zakuda, zopepuka, umazisinja mumtondo, n'kusakaniza ndi chomatira, n'kuumba timibulu m'kachitini ka tomato, n'kuyanika.

Kunena n'kosavuta. Ulendo woyamba ndinachedwa kuvundikira, ndinapeza phulusa lokhalokha. Wachiwiri ndinamatira ndi phala la gaga, ndipo nditayanika pathandala nkhuku zinaganiza kuti ndaziphikira, zinajompha zonse, mbuzi yanu n'kudzamaliza. Mlungu wonse mudzi unkakamba za nkhuku za Esinati za milomo yakuda. Apongozi anu ankati akabwera kunyumba amayamba afunsa ngati mkazi wawo ali mkati mwa mwaye umenewu. Yosefe ankadutsa, kuima, kupukusa mutu, n'kumapita. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditayesa dothi la pachulu ndi ufa wa chinangwa pang'ono, timibulu tinagwirana, tinauma gwa, ndipo nditayatsa pa mbaula tinayaka mofatsa, opanda utsi, opanda kuthetheka. Ndinavina ndekha kuseri kwa khitchini, Amayi, ndinavina ngati mtsikana.

Ndinapita nato kwa Yosefe n'kumuuza kuti makala ali pa dzala la munthu aliyense, safuna nkhwangwa, safuna kugona kutchire kulondera uvuni. Anatenga kamodzi, kukatembenuza, n'kunena kuti zoseweretsa zoterezi mwina zingawiritse tiyi, koma munthu wa ku Lusaka amafuna makala ophika nyemba. Mwezi wa Okutobala unali utalowa, mitambo yayamba kusonkhana madzulo, nkhwangwa ndinaiona yonoledwa itatsamira pakhoma. Apo mkamwa munandithawa.

"Iwe Yosefe, mbaula imodzi chabe ya malasha yanga aya. Nyemba zikapsa, mpundu uusiye mpaka chaka chamawa. Zikakana, nkhwangwa nizakunyamulira neka."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Anati nyemba zouma zimadya mbaula ziwiri kapena zitatu za makala enieni, ndipo anavomera msangamsanga kuopa kuti ndingasinthe maganizo. Apa mlandu ndi wanu, Amayi. Mwana ameneyu munamulera ngati dzira, kukhitchini sankapondako, nyemba ankangozipeza m'mbale. Zaka zonse zija ankadya nyemba zogoneka osadziwa kuti zinagonapo.

Tinapangana tsiku lokakumba maenje obzalamo chimanga kumunda kwanu. Nyemba ndinazinyika madzulo ake, ndipo sindinamubisire. M'mawa anabwera kudzaonerera ngati wapolisi. Ndinadzaza mbaula kamodzi, n'kutereka, nyemba zinawira ndithu, kenako moto unayamba kufooka. Yosefe anatapa imodzi ndi supuni, kuiluma, n'kuilavula, inali idakali yolimba pakati. Anangopita kukatenga nkhwangwa n'kuiika paphewa. Kunena zoona, bulangete lija lakalamba ndipo sindinkadziwa ngati lisungabe kutentha mpaka masana. Ndinaphula mphika ukuwirabe, n'kuukulunga, n'kuuika m'dengu, n'kuphimba ndi thumba la makoko. Iye anafunsa ngati mphikawo wadwala malungo. Ndinamuuza kuti tidzavundukula nthawi ya chakudya chamasana, osati isanakwane, n'kusenza dengu kupita kumunda.

Dengu ndinalitula pansi pa mpundu, iye nkhwangwa anaitsamiritsa pa thunthu lomwelo, pafupi ndi bala lija. Amayi aang'ono anatitsatira pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, ati kukumba sangathe koma kutola mpundu angathe, ndipo zipatso zinali zitagwa zambiri, fungo lake lokoma lija lili ponseponse. Ine ndi Yosefe tinayamba kukumba. Dzuwa linakwera, nthaka inali yotentha moti inkawotcha kudzera m'patapata. Ndikaweramuka ndinkayang'ana dengu, iye akaweramuka ankayang'ana mtengo ngati akuyeza kumene udzagwere.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu tinaona Agi akubwera ndi chigubu cha munkoyo, thobwa lathu lija la mizu. Tinali titamuletsa, masiku ake anali atayandikira, koma mlamu wanga ndi wosamva ngati mwamuna wake. Atafika pakati pa munda anaima, n'kutula chigubu, n'kugwira m'chiuno. Ine ndi amayi aang'ono tinangoyang'anana. Ndinataya khasu, n'kumugwira mkono, ndipo panalibe zofunsa kuti tipite naye kuti. M'munda monse, mpaka kumene maso angafike, mthunzi unali umodzi wokha. Tinamukhazika pansi pa mpundu wanu, atatsamira thunthu, mbali iyi dengu, mbali iyo nkhwangwa. Amayi aang'ono anaikankhira kutali nkhwangwayo ndi ndodo, n'kumuthamangitsa Yosefe kuti izi si za amuna, akaime uko.

Uko kunalibe poima, Amayi. Mwana wanu anapita kumphepete kwa munda kumene kunali mitondo ija, n'kuima pakati pa zitsa, dzuwa likumuwotcha pamutu. Ndinkamuona akutembenukira uku ndi uku kufuna pobisala, thukuta likuyenderera, foni ili kukhutu. Anaimbira mnyamata wa takisi wa pa siteji, koma galimoto inalibe mafuta, ankadikira wina amene anapita ndi chigubu ku Chongwe. Ine ndinaimbira atate ake Tisa. Anati ali kuchigayo, kanjinga kakhuta kuyambira m'mawa. Pamene tinkadikira, Agi ankaluma nsonga ya chitenje, amayi aang'ono akumupepesa ndi kumupukuta nkhope, kamphepo kakugwedeza masamba pamwamba pathu. Ndinaganiza za inu, kuti pamalo omwewa munakhalapo ndi mimba ya Yosefe yemweyo. Mantha ndinali nawo, koma ndinkamva ngati sitili tokha.

Kachetechete sitinakamve, tinangokaona katatulukira m'kanjira ka pakati pa minda, kumene galimoto sikanadutsa n'komwe. Tinayala zitenje m'ngolo, n'kumukweza Agi, ine ndi amayi aang'ono m'mbali mwake. Apongozi anu anayendetsa mosamala ngati anyamula mazira, ndipo popeza kalibe phokoso ndinkamva kupuma kulikonse kwa mlamu wanga, iyenso ankamva ndikamamulimbikitsa. Yosefe ankathamanga pambuyo mpaka kukiliniki, osavala nsapato imodzi.

Amayi, muli ndi mdzukulu wina! Ndi wamkazi, anabadwa dzuwa lisanapendeke kwambiri, wonenepa, wamawu ngati amayi aang'ono. Chipumi ndi chanu chenicheni, chotakata chija, ndipo akakwinya nkhope ndimachita kukonza chitenje changa ngati mwandipeza ndikulakwa. Agi ali bwino. Anamwino anati tinafika pa nthawi yake. Ndinalira, ndinaseka, ndinakumbatira ngakhale mayi wina amene sindimudziwa amene anabwera kudzabayitsa mwana wake.

Za nyemba tonse tinaiwala. Anakumbukira ndi amayi aang'ono, osati nyembazo koma makasu, poti akuba salemekeza tsiku lobadwa mwana. Anamutuma Yosefe kuti akatole zonse kumunda. Anachedwa kwambiri, mpaka ndinayamba kuganiza zoipa, kuti mwina chimwemwe chamupatsa mphamvu zokagwetsa mtengo. Dzuwa likulowa ndinamuona akubwera, makasu paphewa, dengu atalikumbatira pachifuwa. Analitula pakhonde la kiliniki pomwe ndinakhala. Nditavundukula, mphika unali wofundabe, nyemba zofewa zochita kusungunuka, koma mbali imodzi panali dzenje lalikulu, umboni woti munthu wadyapo ndi manja. Maso a Yosefe anali ofiira. Ndinamufunsa ngati zapsa.

"Mwanibera, ba sisi," anatero, akusisita bulangete lija ndi chala. "Izi nyemba simunaphike ndimwe. Aphika ni amayi."

Anandiuza kuti atafungatula bulangetelo linamununkhira inu, utsi ndi sopo uja munkakonda, ndipo anakhala pansi pa mtengo n'kudya yekha akulira ngati mwana. Ati kukoma kwake n'komwe kuja kwa nyemba zimene ankazipeza akaweruka kusukulu, zimene wakhala akuzifuna m'malesitilanti a ku Lusaka osazipeza. Zotsalazo tinadya tonse pakhondepo, ndi apongozi anu, ndi mlonda wa pakiliniki. Za pangano lathu palibe anazitchula. Nditafunsa za nkhwangwa anati waiika kunyumba.

M'masiku otsatira Yosefe anayamba kubwera pa mgolo wanga. Poyamba ankangoima, kenako anayamba kundiuza kuti ndikuvundikira molakwika, ndipo zoona zake n'zakuti pa nkhani ya utsi amandiposa, amadziwa ndi maso chabe kuti zapsa. Tsopano iye ndi mlamu wake amazungulira midzi ndi Kachetechete kutola zitsononkho ndi makoko a mtedza, anthu akumuseka kuti akuwalanda za kuchimbudzi. Thumba lake loyamba anaika pamsewu pakati pa matumba a anzake. Ogula ambiri amatitenga timibuluto, kutinunkhiza, n'kutibweza. Koma mayi wokazinga zitumbuwa pa siteji anayesa, anabweranso, ndipo anauza mnzake wowotcha chimanga. Sindikunamizani kuti talemera. Masiku ena sagulitsa kanthu, amabwera nkhope ili gwa, ndipo ine ndinkadziwa kuti pangano lathu linali la chaka chimodzi chokha. Ndinkadzifunsa kuti chaka chamawa, mwana akadwala kapena mvula ikakana, ndidzamugwira ndi chiyani.

Kenako mchombo wa mwana unagwa. Monga mwa mwambo, ine ndi amayi aang'ono tinaukulunga m'kansalu n'kumanong'onezana za kokaukwirira, iwo akuti kuseri kwa nyumba monga tinachitira ndi wa Tisa. Ndikutuluka panja ndinapeza Yosefe akundidikira pafupi ndi nkhokwe. Ankakanda pansi ndi chala chakuphazi, maso ali kumbali, poti akudziwa kuti mwamuna salowerera zimenezi.

"Ba sisi, kaja ka mwana kaja. Mukakaike pansi pa mpundu."

Ndinamufunsa ngati akudziwa tanthauzo lake, kuti pamene pagona mchombo wa mwana wako sungadzapatemenso, ngakhale njala itavuta bwanji, ngakhale makala atakwera bwanji.

"Niziba," anatero. "Ndiye chifukwa chake."

Tinapita m'mawa mwake, ine ndi amayi aang'ono, iwo atakwera Kachetechete ngati mkwatibwi. Apongozi anu anatitsitsa patali n'kubwerera. Ndinakumba mbali ya bala lija, pakati pa mizu iwiri, tinakwirira, n'kutsira bwinobwino. Balalo ndinalimata ndi dothi la pachulu lomwe ndimaumbira makala. Pobwerera tinadzera kumphepete, ndipo ndinaona kuti zitsa za mitondo zija zayamba kuphuka, wina wazitchingira ndi minga kuti mbuzi yanu isadye mphukira. Ndinadziwa kuti ndi ntchito ya Yosefe. Tsiku lomwelo mwana anatuluka m'chikuta, ndipo bambo ake anamutcha Elina, dzina lanu.

Mvula yoyamba yagwa dzana, fungo la dothi lili ponseponse, mawa tikukabzala. Agi wandipempha kuti ndimuphunzitse kugoneka nyemba, ndipo azimayi awiri a ku gulu abwera kale kudzaona dengu lanu, amene ankaseka aja ndi amene akufunsa kwambiri. Bulangete lang'ambikanso pakona, ndilisoka ndi chigamba cha chitenje changa kuti tikhalemo tonse awiri.

Ndakusowani, Amayi, makamaka masiku ano pamene zinthu zikukoma. Ndikulonjeza kuti Elina akadzayamba kuyenda ndidzapita naye kumunda, chipatso choyamba adzatole yekha, ndipo ndidzamuuza kuti mthunzi umenewu unamulandira asanabadwe. Atate ake anafunsa ngati mwana angadye mthunzi. Ndidzamusiya ayankhe yekha, mkamwa muli mpundu.

Pumani bwino, mtengo wanu uli chiimire.

Ine mwana wanu wokukondani,
Esinati